Belu la ng'ombe m'khosi mwa galu wathu

Tsiku limenelo pakhomo panga panali anthu awa. Panali ineyo, mwini khomo. Panali mkazi wanga, mayi wa ana anga, amene pano anagona kalekale. Panali mkamwana wanga, ndiye kuti mkazi wa mwana wanga woyamba, ali ndi khanda kumsana. Panali wapampando wa chipani wa m'dera lathu, munthu amene ndinkadyetsa naye ng'ombe tili anyamata. Panali apolisi anayi: sajeni wa imvi m'ndevu, wolankhula Chichewa cha kummwera, ndi anyamata ake atatu a mfuti. Ndipo panali galu. Galuyo ndamuika dala pamodzi ndi anthu, wina asandikonze. Amene panalibe ndi mwana wanga, ndipo apolisiwo anadzera iyeyo.

Kwathu ndi kuseri kwa Wenya, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga. Ukakwera n'kutsikira mbali inayo, uli m'Zambia. Mlandu wa mwana wanga unali woti ananyamula munthu panjinga. Mlendo wina wovala jekete anamupempha kuti amufikitse pamene msewu wathera, ndipo iye anamufikitsa n'kumulozera njira ya kuphiri. Basi. Njira imeneyo anthu akhala akulozerana chiyambire. Kenaka kunamveka kuti mlendoyo anali mphunzitsi amene boma linkamusaka chifukwa cha mawu ena amene analankhula. Mawu ake ati, sitinamve. Masiku amenewo unkangomva kuti uje amutenga, osafunsa kuti apita naye kuti. Ena ankabwerako ataonda ngati ndodo. Ena mpaka lero.

Mwana wanga atamva kuti dzina lake latchulidwa, anathawa. Koma pothawapo anaponda chitsa chosongoka, phazi n'kutupa, moti phiri sakanatha kukwera. Anabisala penapake kudikira kuti phazi liphwe. Malo ake ine sanandiuze. Mkazi wanga ndiye analetsa, akuti ine ngakhale ndinong'one, a kuchigayo amamva. Sindinakwiye, chifukwa n'zoona.

Funsani aliyense wa msinkhu wanga za mawu anga. Pakagwa maliro sankatuma mwana wa njinga ayi, ankabwera kwa ine. Ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa khola, n'kukuwa, midzi ya kutsidya n'kuyamba kulira. Kumigodi ku Joni, kumene ndinaphunzira Chichewa changachi, makina akamalira anthu ankalankhulana ndi manja, koma ine ndinkalankhula ndi pakamwa n'kumveka. Sukulu ndinapita pang'ono. Koma mawu, Mulungu anandipatsa a anthu asanu.

Galu uja anali wofiira, khutu limodzi long'ambika ndi nguluwe. Mwana wanga ndiye anamulera, kuyambira ali kamwana kosatsegula maso, kumumwetsa mkaka wa ng'ombe m'chikhatho. Galuyo ankagona pakhomo pa nyumba ya mwana wangayo. Koma kusaka ndinamuphunzitsa ndine. Tsono ife pabanja pathu tili ndi kaitanidwe kathu ka agalu kamene ndinatengera kwa adada anga. Si kukuwa wamba. Umayamba pansi m'chifuwa, n'kukweza, n'kudula mwadzidzidzi. Umaitana choncho pokhapokha nyama yagwa ndipo mpeni walowa, kuti galu abwere adzalandire chiwindi chake chikadali chotentha. Lamulo lake ndi limodzi: suitana m'manja muli mbee. Ukamunamiza kamodzi, galuyo wamuwononga, sadzakukhulupiriranso. Adada anga sananamizepo galu. Inenso ndinali ndisanatero.

Apolisi a masiku amenewo akamabwera kudzagwira munthu ankayamba ndi agalu. Tinkadziwa tonse. Kutsidya kwa mtsinje, pamene anadzatenga mkulu wina wa mpingo, anawombera agalu ake awiri asananene ndi odi yemwe. Ankati galu ndi amene amachenjeza wothawa, ndiponso akauwa, midzi yonse imadziwa kuti boma lafika. Mwini wake sankaloledwa kudandaula. Ukadandaula galu, ankakufunsa ngati galuyo ali ndi khadi la chipani, anyamatawo n'kuseka, ndipo iwenso unkayenera kuseka.

Nchifukwa chake titamva galimoto ikuima kumsewu masana aja, mkazi wanga anathamangira galu kuti amutsekere m'khitchini. Anachedwa. Galu anali ataima kale pakati pa bwalo, ubweya wa pamsana uli njo, akuuwa. Wapolisi wamng'ono kuposa onse, wa khosi lalitali, anakweza mfuti.

"Iwe, tsitsa chimenecho!" anatero sajeni. "Galu wabwino chonchi ukufuna umuphe? Sukuona kuti n'ngwa ulenje?" Kenaka anatembenukira kwa ine, n'kuvula chisoti. "Yewo, adada. Muli uli?"

Sanali apolisi amene tinkawaona kumsika. Anali alendo, ndipo kumene anachokera sindikudziwa. Koma wamkuluyo anali ataphunzira moni wathu, ndipo ine mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinati uyu ndi munthu woleredwa, wadziwa kuti wafika pakhomo pa munthu.

Anafufuza m'nyumba zonse. Anagubuduza mitsuko, anang'amba matiresi a udzu, anabaya m'nkhokwe ndi chitsulo. Anandifunsa kumene kuli mwana wanga, ndinati sindikudziwa, ndipo sindinaname. Anafunsa mkazi wanga, iye anangoti, "Nkhumanya yayi," kuti sakudziwa, n'kuyamba kutsokomola mpaka anamusiya. Mkamwana anali atagwada kuseri kwa nkhokwe, nkhope atabisa m'chitenje. Wa khosi lalitali anafuna kumukokera pabwalo.

"Musiye," anatero wapampando. "Kuno mkamwana sakhala pamodzi ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana, sawalankhula. Ndi mwambo, bwana, si mwano."

N'zoonadi. Chilowere m'banja lathu, mtsikana ameneyo ndinali ndisanamuonepo m'maso. Tikakumana panjira ankapatukira patchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, mkazi wanga n'kuuza ine.

Sajeni anakhala pampando wanga pansi pa mtengo wa mango. Maso ake sanali pa anthu, anali pa galu.

"Madala, galuyu ndi wa ndani?"

"Ndi wanga! Pakhomo pano chilichonse n'changa."

"Eti apampando?"

Wapampando anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Ndi wa mnyamatayo, bwana. Amagona pakhomo pake."

Ndinamuyang'ana mnzanga wa kubusa uja. Iye sanadzutse mutu.

Sajeni analamula kuti galu amangidwe pamango ndi chingwe cha ng'ombe, ndipo ndinamumanga ndine, poti wina aliyense akanalumidwa. Analamulanso kuti asapatsidwe chakudya, ngakhale madzi. Iwo anatigwirira nkhuku ziwiri, mkazi wanga n'kuphika. Anadyera pomwepo, galu akuwaona, ndipo mafupa onse sajeni ankawaponya pamoto, limodzilimodzi. Anyamatawo ankamuseka galuyo.

"Taonani mkaidi wathu, akutiyang'ana ngati loya."

"Mufunse kumene kuli abwana ake, mwina ayankha Chizungu."

Ine ndinkati ndi nkhanza chabe, nkhanza za anthu okhuta. Sindinadziwe kuti ndi ntchito.

Apolisiwo anagona pakhonde pathu. M'mawa dzuwa litatuluka, sajeni analowa m'nyumba ya mwana wanga n'kutuluka ndi malaya ake akale a kumunda. Anapita kukhola, anamasula belu m'khosi mwa ng'ombe yanga yotsogolera, belu lachitsulo limene limamveka ng'ombe ili kuseri kwa chitunda. Anandipatsa.

"Mumangeni m'khosi, madala. Mumange bwino, lisagwe."

"La chiyani?"

"Galu akamva njala, ndipo pakhomo am'mana, amapita kwa amene anamulera. Ife sitithamanga ngati galu. Koma makutu tili nawo."

Ngakhale pamenepo ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati galuyu adziwa bwanji kumene ngakhale ine sindikukudziwa? Azungulirazungulira m'minda, apolisi atope, azipita. Ndinamanga belu lija, galu akundinyambita dzanja ndi lilime louma.

Podzuka, ndinaona mkamwana wanga. Anali atatuluka kuseri kwa nkhokwe, ataima chilili, chitenje chili paphewa. Anandiyang'ana m'maso, gwa, pamaso pa anthu onse. Nkhope yake ndinaiona tsiku limenelo, kuti kani ali ndi kachipsera pachibwano. Koma mwana woleredwa ngati ameneyo sangaswe mwambo popanda chifukwa, ndipo pomwepo ndinazindikira. Ndiye amene ankapititsa chakudya kwa mwamuna wake, atanyamula ngati akupita ku nkhuni. Ndipo galu anamutsatirapo.

Sajeni ananunkhizitsa galuyo malaya aja, n'kudula chingwe. Galu sanazungulire ngakhale pang'ono. Anadumpha mpanda wa khola, analunjika kudambo, anaoloka mtsinje, n'kuyamba kukwera cha ku visoso, minda ya mawere imene timatema ndi kutentha m'mbali mwa phiri. Kumtunda kwake kunali tizisakasa takale ta olondera anyani. Ngo, ngo, ngo, belu likulira. Sajeni ndi anyamata awiri anatsatira, osathamanga n'komwe, akungoyenda ndawala ngati anthu odziwa kuti chawo chapsa. Wa khosi lalitali anamusiya kuti atilondere.

Tinaima pabwalo kumvetsera. Belu linkachepa, linkachepa. Mkazi wanga anakhala pansi m'fumbi. Khanda linayamba kulira, mayi ake osalitonthoza. Ndinadziwa kuti belu lija likakangosiya kuyenda n'kumalira malo amodzi, galu akudumphira mbuye wake ndi chimwemwe, mwana wanga wapita, ndipo sindidzaona ngakhale manda ake.

Ndinayamba kuyenda kupita kuchulu.

"Mukupita kuti, madala?"

"Kukataya madzi. Kapena boma laletsanso zimenezo?"

Anandisiya. Ndinakwera pachulu changa, pamene ndinkalengezera maliro a anthu ena. Ndinadzaza chifuwa. Ndinaitana kaitanidwe ka adada anga, m'manja muli mbee.

Ndikukuuzani, sindinakuwepo choncho chibadwire. Nkhunda zinabalalika m'mitengo. Ng'ombe m'khola zinadzuka. Mawu anagunda phiri n'kubwerera, ndipo asanathe ndinaponyanso ena pamwamba pake. Wapampando anagwira mutu. Wapolisi uja anayamba wangoti kakasi, kenaka anazindikira, anathamanga, n'kundimenya pakamwa ndi kumbuyo kwa mfuti. Mano awiri amene mukuona kuti palibewa anatsala pachulu pomwepo. Ndinagwa, ndinalavula, ndinagwada, n'kuitananso ndi magazi omwe. Anandimenyanso m'nthiti. Pamenepo mpweya unatha.

Ndili chigonere, khutu lili pansi, ndinamva. Ngo, ngo, ngo. Belu likukula.

Galu anatulukira kudambo akuthamanga, lilime lili panja, nadutsa pakati pa miyendo ya wapolisi, n'kufika pa ine. Ananunkhiza dzanja lamanja. Ananunkhiza lamanzere. Anazungulira chulu kufuna nyama. Kenaka anaima n'kundiyang'ana, mutu atapendeketsa. Pamwamba pa diso lake panali bala, magazi akutsikira m'mphuno. Ndinati mwina ndi minga ya m'tchire. Ndinalibe chomupatsa. Ananyambita magazi a pachibwano changa, n'kugona pamapazi anga.

Sajeni anabwerako thukuta lili kamukamu, ulemu uja utatheratu. Sanandimenye. Anatenganso malaya aja, anamukanikiza nawo galu pamphuno, n'kumukankha ndi jombo. "Tiye!" Galu sanadzuke. Anamukoka ndi chingwe mpaka kudambo, n'kumumasula. Galu anabwerera kudzagona pa ine. Anamukwapula ndi lamba. Analira, anakwawa, n'kulowa pansi pa miyendo yanga. Kuphiri anakana kuyang'anako n'komwe.

"Madala," anatero sajeni, "dzulo ndinamuleka wamoyo galu wanuyu. Mwamupha ndinu."

"Mfuti ili ndi inu," ndinatero ine.

"Apampando, mwamva? Akuyankha."

Wapampando anati, "Pepani bwana, ndi mmene alili. Chibadwire ndi wokuwa."

Galu anamumangiriranso pamango. Sajeni anayamba wamasula belu n'kulipereka kwa mkazi wanga ndi manja awiri, akuti ndi katundu wa eni, boma silitenga za anthu. Kenaka anakodola wa khosi lalitali uja. "Dzulo umafuna. Ndi uyo." Mnyamatayo anakweza mfuti. Chipolopolo choyamba chinamuthyola msana chabe. Galu anayesa kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo kubwera kwa ine, chingwe n'kumuletsa. Sindinatseke maso. Ndinati ngati iye akundiyang'ana, inenso ndimuyang'ana. Chachiwiri ndiye chinamaliza.

Sajeni analamula kuti galuyo asakwiriridwe, akhale pomwepo kuti mudzi uone. Tsiku lonselo anakasaka okha m'visoso, koma tizisakasa n'tambiri, ndipo kamene anakapezamo phulusa lofunda munalibe munthu. Madzulo anandikweza m'galimoto. Za kumene anandisunga sindilemba zambiri. Munali nsikidzi, chidebe chimodzi, ndi anthu ophunzira kuposa ine amene ankalira ngati ana. Anandifunsa funso lomwe lija mpaka anatopa, ndipo nzeru ya mkazi wanga inagwira ntchito: chimene sukuchidziwa sangakutulutse ngakhale ndi ndodo. Ananditulutsa mvula itayamba. Ndinabwerera wapansi.

Nditafika, mkazi wanga anandionetsa pamene iye ndi mkamwana anamuika galuyo, kuseri kwa khola, galimoto itangochoka. Anamukulunga m'malaya aja. Mkamwana anali atabwerera ku mwambo wake, kundipatukira panjira ngati kale, ndipo za tsiku lija sitinakambiranepo mpaka lero. Belu tinalibwezera m'khosi mwa ng'ombe, koma likalira, mkazi wanga ankasiya chimene akuchita. Ndinalimasula n'kukaliponya m'chimbudzi. Wapampando anabwera ndi nkhuku kudzandiona. Ndinamuuza kuti nkhukuyo ikhoza kulowa, iye ayi. Galu wina sindinawetenso. Kusaka ndinasiya.

Mwana wanga anaoloka malire tsiku lomwe lija, akukwawa ndi ndodo. Anakhala ku Zambia zaka zambiri, kwa abale a amayi ake. Tinkangomva kwa anthu a malonda kuti ali moyo. Khanda lija linakula, linayamba sukulu, likudziwa bambo ake pa dzina pokha.

Nkhani ya galu ndinkaikamba paliponse, poyamba monong'ona, mmene ine ndimanong'onera, kenaka poyera zinthu zitasintha. Pamaliro, pamowa, podikira chigayo. Ndinkati boma linabwera ndi mfuti zitatu, galimoto ndi nzeru za kusukulu, ine n'kuligonjetsa ndi kukhosi kokha. Ndinkati galu wanjala, fungo la mbuye wake lili m'mphuno, anatembenuka pakati pa phiri chifukwa ine ndaitana. Ndani wina akanatha? Anthu ankavomera. Ena ankandipempha kuti ndiitane amve, koma ndinkakana. Kaitanidwe kameneko sindinakatulutsenso pakamwa.

Zipani zitachuluka, mwana wanga anabwera. Anali ndi imvi zake, akutsimphina pang'ono, wofatsa ngati mlendo. Tinapha mbuzi, mudzi wonse unasonkhana pansi pa mango omwe aja. Ine ndinaimirira n'kuikamba nkhaniyo yonse, kuyambira galimoto mpaka chipolopolo chachiwiri, ndikuloza chulu, ndikuonetsa pamene panali mano. Amayi analuluta. Mwana wanga sanaseke, sanaombe m'manja. Ankangotembenuza kapu m'manja mwake.

Anthu atabalalika, dzuwa likupendeka, anandipempha kuti ndimuonetse pamene panagona galu wake. Tinapita awiri kuseri kwa khola. Panali patamera chisoso ndi udzu. Anaima nthawi yaitali. Ine, poti chete sindimutha, ndinati, "Ukanamuona mmene anabwerera. Ngati mphepo! Ndinangoitana, iye n'kutembenuka."

Iye anandiyankha osandiyang'ana.

"Mawu anu ndinawamva, dada. Phiri lonse linawamva. Nayenso anawamva, anaima, anatembenuza khutu. Koma anali atandiona kale. Anabwera ndithu, akugwedeza mchira, mpaka apa ndi apo. Ndinamuuza kuti bwerera, anakana. Ndiye ndinatola mwala. Ndinamulera m'chikhatho changa, dada, ndipo ndinamugenda pankhope. Kambani nkhani yanu mmene mumakambira, sindikutsutsani pagulu. Koma ine ndikakhalapo, musamaikambe."